Sopo wa Asiyatu

Asiyatu anafika ndi sopo watsopano,
wosamatula n'komwe pepala,
ndi beseni lomwe amake ankamusambitsiramo ali khanda.
Ine ndinaima pakhomo pa tenti ya kolera,
kuseri kwa chipatala cha Matawale,
m'majombo a boma aakulu kuposa phazi langa,
ndipo ndinati: Ayi.

Liwu lalifupi chonchi,
koma linandiima pammero ngati munga wa mlamba.

"Abiti Saidi ndi mayi anga," anatero,
"si a khonsolo, si a unduna.
Anandisambitsa ine mpaka nditamera mano achiwiri,
ndikupempha kuwasambitsa kamodzi kokha.
A Kachingwe, tinaima mzere umodzi tsiku la voti,
dzuwa limodzi, inki imodzi pachala.
Ufulu tinkaudikira uja ndi womwewu,
wondilanda maliro m'manja?"

Ndinali ndi pepala m'thumba, la chidindo chofiirira.
Sindinalitulutse.
Pepala silidziwa kuyang'ana munthu m'maso.

Chomwe ndinkadziwa ndi ngalande.
Imayambira kuseri kwa bafa lawo ku Chikanda,
imadutsa pansi pa benchi la wogulitsa zitumbuwa,
nkugwera mu Likangala.
Ndipo Likangala safunsa kuti madziwa asambitsa yani.
Amangonyamula,
kupatsa mayi wotsuka mbale kumunsi kwa mlatho,
kupatsa mnyamata wothirira kabichi,
kupatsa kamwana komwera m'manja kufupi ndi Jali,
anthu oti sindidziwa mayina awo,
oti sakanabwera kudzalira pakhomo pa tenti yanga
pakuti tsiku lawo linali lisanafike.

Iwo analibe nkhope.
Asiyatu anali nayo, ndipo inali yonyowa.

Musandiyese woyera mtima.
Mpopi wa m'dera lawo unauma miyezi isanu ndi itatu.
Ndinalemba malipoti anayi,
anayi onse akugona m'kabati ku ofesi,
pomwe kumtunda, m'mipanda ya m'munsi mwa phiri,
madzi a Mulunguzi akuthirira maluwa.
Zokomera anthu onse zimathamanga pa galimoto zikamadzalanda;
zikamadzapereka, zimabwera wapansi, zikupumira m'njira.
Izi Asiyatu sananene.
Ndinazinena ndekha, mumtima, nditagwira chingwe cha tenti.

Mvula inayamba kuwaza.
Shehe anatsokomola.
Amalume ake ankayang'ana nsapato zawo.

Ndiye ndinavula magolovesi anga apadera, ndi epuloni,
ndinamuveka ngati mwana wopita kusukulu tsiku loyamba.
Ndinati: mapazi okha, ndi madzi a m'ndowa yathu.
Kunyumba sapita. Thumba titseka ife.
Analowa.
Anathira madzi onunkha kolorini pa zala khumi zija,
chimodzichimodzi, akuzitchula ngati ana.
Lamulo silinalole zonsezo.
Mwambo sunakhute ndi zochepazo.
Sanda tinaikulunga pamwamba pa pulasitiki,
yoyera kunja, yakuda mkati,
ndipo mapemphero anachitikira patali, mapazi khumi ndi asanu.

Sopo anamusiya pa mpando.

Mwezi wotsatira mabedi anayamba kukhala opanda anthu.
A bwana anabwera ndi kamera, anatiyamikira.
Kamwana ka ku Jali kaja, ngati kalipo,
kakusewera fulaye, sikadziwa kuti kali ndi ngongole kwa aliyense.

Dzana ndinakumana naye Asiyatu mumsika waukulu,
pa mzere wa anyezi.
Ndinati, "Mwaswera bwanji?"
Anasankha anyezi atatu, analipira, nkumapita.
Ndi ufulu wakenso umenewo.

Sopo uja ali pawindo la chipinda changa.
Mkazi wanga akuti timugwiritse ntchito, zinthu zadula.
Ndimati mawa.
Usiku akamanunkhira,
ndimawerenganso anthu a kumunsi kwa mtsinje
kuti ndione ngati akwana,
ndipo nthawi zina amakwana.